Chigubu cha a Kemisti

Macfussy Chimbalanga anabadwira ku Balaka, kuseri kwa siteshoni ya sitima, ndipo chibadwire sankatha kuona zinthu ziwiri osafuna kuzisakaniza. Ali Sitandade 5 anathira inki m'phala la mchemwali wake Esnart kuti aone ngati lisinthe mtundu. Phalalo linasinthadi, ndipo mayi awo atathana naye, matako ake anali atasinthanso mtundu.

Ku sekondale anakhoza bwino phunziro limodzi lokha, la sayansi. Maphunziro ena onse ankangowapatsa moni. Sukulu itamukanika, anapeza ntchito pa famase ina m'tauni momwemo, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankasesa, kupukuta mashelefu ndi kumata timapepala pa mabotolo. Mwini famaseyo sankamulola kukhudza ngakhale m'bulu umodzi wa mankhwala a mutu, koma anamusiyira chikhoti choyera chakale chimene chinali ndi dzina la munthu wina pathumba. Macfussy anasula dzinalo ndi lezala. Kuyambira tsiku limenelo azimayi obwera ndi ana odwala ankamuti adokotala, iye n'kumawakonza modzichepetsa kuti ayi, dokotala ndi wina, iye ndi kemisti chabe.

Ku Doha anapita mu 2021. Amene anamutsegulira njira ndi Esnart yemwe uja, amene panthawiyo anali atagwira kale zaka zitatu ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku Nuaija, dera lina la mumzindawo. Kontirakiti ya Macfussy inati iye ndi wosamalira dziwe losambiramo pa hotelo ina ya ku Al Mirqab. Ntchito yake inali kuwola masamba ndi tsitsi la alendo ndi kaukonde ka pa ndodo yaitali, kuyala mathawulo pamipando, ndipo kawiri patsiku kutunga madzi m'kabotolo, kudonthezamo timadontho ta mankhwala n'kufananiza mtundu wake ndi tchati. Gawo lomalizali linali la mphindi zitatu basi, koma Macfussy ankalikoka mpaka theka la ola. Ankayamba wavala chikhoti chake chija, chimene anabwera nacho kuchokera ku Balaka atachikulunga m'pulasitiki. Kenako ankakweza kabotolo kumwamba, kutsinzina diso limodzi, kupukusa mutu ngati waona zoopsa, n'kulemba zinthu m'kope. Alendo ena ankatuluka m'madzi ndi mantha. Supavaiza wake, mwamuna wamfupi wosaseka, anamuuza kambirimbiri kuti avule chikhoticho, ndipo ankamuitana kuti pulu boyi, kamnyamata ka pa dziwe, ngakhale pamaso pa akazi. Dzina limeneli linkamupweteka Macfussy kuposa dzuwa la mu Ogasiti.

Ankakhala ku Al Muntazah, m'nyumba yakale ya nsanjika zinayi, m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi. Amalawi a m'deralo ankamuti a Kemisti, ena mwaulemu, ena mwachipongwe, ndipo iye sankasiyanitsa.

M'nyumba yomweyo, pansanjika yapamwamba, munkakhala Dumisani, dalaivala wa banja lina lolemera, munthu wamtali wa mawu okoma ngati wa pa wailesi. Tsiku lina masana, akudikira abwana ake m'galimoto yomwe makina ozizira anali atafa, Dumisani anagona n'kulota mngelo ataima patsogolo pake atadzigwira mphuno. Wina aliyense akanadzuka n'kupita kukasamba. Dumisani anadzuka n'kuyambitsa mpingo. Anamasulira kuti dziko lonse likununkha uchimo, koma anthu akubisa fungolo ndi perefyumu ndi utsi wa udi, timitengo tonunkhira timene eni dziko amafukiza m'nyumba zawo. Mpingowo anautcha Otsala Osadzola, ndipo lamulo lake lalikulu linali loti membala asadzole chilichonse chonunkhira, m'khwapa kapena pena paliponse, kuti Mlengi azimuzindikira mosavuta.

Ankakumana Lachisanu masana m'chipinda cha Dumisani, anthu khumi ndi atatu, mawindo ali otseka kuopa aneba. Kunja kunkatentha moti phula la mumsewu linkafewa. Pasanathe mwezi, a Otsala Osadzola anayamba kupeza malo ambiri okhala m'basi ya kampani, chifukwa anzawo ankasamukira kumbuyo. Dumisani, amene tsopano ankatchedwa a Mneneri, anati chimenecho ndi chizindikiro choti dziko layamba kuwaopa.

Macfussy sanalowe mpingowo chifukwa cha mngelo. Analowa chifukwa tsiku loyamba limene anakangosuzumirako, Dumisani anaimitsa nyimbo, kuloza pakhomo n'kunena kuti Kemisti wa Kumwamba wafika. Anachotsa mayi wina pampando umodzi wokhawo umene unali m'chipindamo n'kukhazikapo iye. Macfussy anakhala pampandopo, thukuta likutsika, mtima uli phee kwa nthawi yoyamba chifikire ku Doha. Lachisanu lotsatira anabweranso, atataya rolo-oni yake m'bini.

Esnart anazindikira za kutembenuka kwa mchimwene wake asanauzidwe. Anakumana papaki ina Lachisanu lina m'mawa, ndipo mchemwaliyo anaima patali ndithu n'kumufunsa ngati kwawoko madzi anadulidwa. Macfussy atamufotokozera za chiphunzitso chonse, kuyambira pa mngelo mpaka pa basi, Esnart anamupatsa kajumbo ka usipa kamene munthu wina anabwera nako kuchokera kumudzi, n'kumuuza kuti iye anabwera ku Doha kudzagwira ntchito, osati kudzachita manyazi, ndipo kuti Dumisani akanakhala mneneri weniweni akanalosera kufa kwa makina a m'galimoto ija. Macfussy anamukhululukira mumtima, podziwa kuti mchemwali wake sanaphunzire sayansi.

Zinthu zinayamba kuipa mu 2023. Mamembala atatu anachoka, mmodzi atapatsidwa chenjezo lomaliza kuntchito. Kenako kunamveka kuti Amalawi a ku Doha akukonza phwando la tsiku la ufulu m'holo ina, Lachisanu lotsatira pa 6 Julayi, ndipo pemphero lotsegulira apatsa m'busa wina, osati Dumisani. Komiti ya phwandolo inatumizanso uthenga woti a Otsala Osadzola ndi olandiridwa, bola akhale chakukhomo.

Dumisani anasala kudya kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya tiyi, n'kulandira vumbulutso lina. Anauza mpingo kuti tsiku la phwandolo lidzakhala Tsiku la Fungo. Anthu ali mkati movina, fungo la chiweruzo lidzadzaza holo yonse, adzathawa akupondana, ana akulira, ndipo panja adzapeza a Mneneri ataima atavala zoyera, okonzeka kulandira olapa. Ananena momveka kuti anthuwo ayenera kuchita mantha enieni, mantha oti akufa, chifukwa munthu wopanda mantha salapa. Atatero anatembenukira kumpando uja.

"M'bale Kemisti, Kumwamba kwapereka dongosolo. Inu mupereke fungo."

Maso onse anali pa Macfussy. Iye ankadziwa bwino lomwe kuti sayansi yake inathera pa tchati cha pa dziwe ndi zimene ankakumbukira za Fomu 4, zomwe zambiri zinali mayina a zitsulo. Akananena choncho nkhani ikanathera pomwepo. M'malo mwake anakweza chibwano n'kunena kuti afunika masabata atatu ndi labu.

Labuyo inakhala padenga la nyumba, kuseri kwa mathanki a madzi. Macfussy anapeza chigubu chachikulu cha mafuta ophikira n'kuyamba kuthiramo chilichonse chimene pamoyo wake chinamugwiritsapo mphuno: mitu ya nsomba ya kukhitchini ya hotelo, mazira ovunda, kabichi wowola, chambiko chopitirira masiku, ndipo pamapeto pake, mtima ukuwawa, usipa wa Esnart uja. Chilichonse ankachilemba m'kope mwa zilembo ndi manambala monga ankaonera m'mabuku. Mitu itatu ya nsomba inali MN3. Mazira khumi ndi awiri anali MZ12. Zonse pamodzi anazitcha Kompaundi MC-1, kutengera dzina lake. Anatseka chigubucho mwamphamvu n'kuchisiya padzuwa la mu Juni.

Lachisanu lililonse Dumisani ankapereka lipoti ku mpingo ndi kutumiza mavoisi pa gulu lawo la pafoni. Sabata yoyamba anati MC-1 ikhoza kugwetsa munthu. Sabata yachiwiri inali itafika pogwetsa ngamila ili patali. Macfussy ankamva zonsezi ali pampando wake, osatsutsa. Nthawi zina, akuwola masamba pa dziwe, ankaganiza za ana amene adzakhale m'holo muja, ndi makomo ake opapatiza. Ankadzitonthoza kuti fungo silinaphepo munthu, n'kubwerera ku maganizo okoma a mmene anthu adzafunsire kuti anapanga zimenezi ndani.

Tsiku litakwana, cha m'ma thu koloko masana, awiriwo anakwera padenga kukatenga katundu wawo. Dumisani anali atavala mkanjo woyera wofika m'mapazi, Macfussy chikhoti chake chosita bwino. Chigubu anachipeza chitatupa, m'mbali mwake muli gwa, chikulira pang'onopang'ono chokha ngati mimba ya munthu wodya nyemba zogona. Macfussy anati ndiye kuti mankhwala apsa. Anachinyamula onse awiri n'kulowa nacho mu lifiti.

Lifiti ya nyumba imeneyo inali yokalamba, ndipo inali ndi khalidwe loima pansanjika iliyonse modzidzimutsa, kaya mwaidina kaya ayi. Itafika pansanjika yachitatu inagwedezeka, chigubu chinagunda pansi, chivundikiro n'kuphulika ngati mfuti. Masabata atatu a ntchito ya Macfussy anauluka mpaka kudenga la lifitiyo n'kubwerera pamitu pawo.

Zimene anamva m'mphuno mwake tsiku limenelo, Macfussy mpaka lero amalephera kuzifotokoza. Amangoti kwa kanthawi anaiwala dzina la mayi ake. Chitseko chinatseguka pansanjika yachitatu, fungo n'kutuluka, chitseko n'kutsekeka. Chinachitanso chimodzimodzi pa yachiwiri ndi pa yoyamba, mwadongosolo, osadumpha aliyense. Itafika pansi, Dumisani anatuluka ngati chipolopolo, kusiya nsapato zake zonse ziwiri momwemo, ndipo sanacheukenso.

Nyumba yonse inakhuthukira mumsewu. Kunali amuna a ku Nepal ovala mathawulo okha, Afilipino atanyamula mphika wa mpunga, mwamuna wina wa ku Kenya atametedwa mutu mbali imodzi. Wina anakuwa kuti ndi gasi, wina kuti ndi poizoni, ndipo wina anaimbira apolisi n'kunena zonse ziwiri. Pasanathe mphindi makumi awiri msewu unali utatsekedwa. Kunabwera apolisi, ozimitsa moto, ma ambulansi, ndi anthu ovala zovala zapulasitiki kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akupuma kudzera m'mapaipi.

Macfussy anaima pambali, mutu wa nsomba uli m'thumba la chikhoti, akuona zonsezi ndi mantha osakanikirana ndi kanthu kena kamene pambuyo pake anachita nako manyazi. Kunali kunyada. Kanthu kameneko kanazilala pamene anaona anthu awiri akutsitsa mayi Khadija pamachira. Anali mayi wachikulire wa ku Sudan wa pansanjika yachiwiri, wodwala mphumu, amene nthawi ya Ramadani ankamupatsa zipatso za tende m'kambale akakumana pamasitepe. Anali atatseka maso, chifuwa chikukwera ndi kutsika, pakamwa atamuika chopumira.

Komabe wapolisi wamkulu atafunsa pa chimkuzamawu ngati pali amene akudziwa chimene chatayika mu lifitimo, dzanja la Macfussy linakwera lokha. Ananena mu Chingerezi chake chabwino kwambiri kuti iye akudziwa, chifukwa ndi kemisti, ndipo mankhwalawo ndi Kompaundi MC-1. Wapolisiyo analemba dzinalo mosamala. Asanamulowetse m'galimoto anayamba amutsuka ndi paipi ya ozimitsa moto. Phwando la ufulu linachitika bwinobwino, ndipo ovina anamva za Tsiku la Fungo mawa lake.

Mlandu umene anawatsegulira unali woopsa, wa uchigawenga. Apolisi anali ndi kope lodzaza zilembo zachinsinsi, mavoisi onena za ngamila, ndi munthu wovomera yekha kuti ndi kemisti. Mpingo wonse unagwidwa, koma ena onse anamasulidwa patapita masiku ochepa, apolisi atawapatsa sopo. Anatsala Macfussy ndi Dumisani. Dumisani anauza ofufuza kuti iye ndi dalaivala wamba wosaphunzira, ndipo anasocheretsedwa ndi katswiri wa sayansi amene ankabwera kudzakhala pampando wake popanda kuitanidwa.

Esnart analira sabata yathunthu akusita malaya a abwana ake, mpaka madamu a nyumbayo anamufunsa chavuta n'chiyani, ndipo atamva anamulozera kwa loya wina dzina lake Anwari. Loyayo anali munthu wonenepa, wodekha, wokonda kunena kuti mafi mushkila, kutanthauza kuti palibe vuto, makamaka pamene vuto linali lalikulu. Atawerenga lipoti la ku labu ya boma anabwera kundende akumwetulira. Lipotilo linati m'chigubu munalibe poizoni aliyense, munali zakudya zowola basi. Anwari anafotokoza kuti njira yopulumukira ndi imodzi: kutsimikizira khoti kuti Macfussy si kemisti, sanakhalepo kemisti, ndipo sangathe kupanga chinthu choopsa ngakhale atapatsidwa buku ndi mphunzitsi. Anali atapeza kale zotsatira za mayeso ake a Fomu 4 ndi kalata ya supavaiza uja, yomwe inali ndi mawu oti pulu boyi kanayi.

Macfussy anakana. Anati akhoza kuvomera kuti analakwitsa miyezo, kapena kuti labu yake inalibe zipangizo zokwanira, koma kuima pamaso pa anthu n'kudzikana yekha, ayi. Anwari anamuuza zaka zimene kemisti weniweni angakhale m'ndende pa mlandu ngati umenewu. Macfussy anafunsa ngati pangakhale njira yapakati, yoti akhale kemisti pang'ono.

Lachisanu lotsatira kunabwera Esnart. Anakhala mbali ina ya galasi, atavala mpango wakuda, n'kutenga foni yolankhulirana.

"Iwe Macfussy, amayi ndawauza kuti uli pa kozi. Undiuze lero ngati kozi imeneyi ndi ya chaka chimodzi kapena ya zaka makumi awiri, ndidziwe bodza loti ndikonze."

"Achemwali, inu simukumvetsa. Dzina la munthu..."

"Dzina lako ndi Macfussy. Ndinalipo ine tsiku limene anakupatsa. Enawo unachita kutola. Khalasi, basi, ndatopa nawe." Anaima kuti azipita, kenako anabwereranso pa foni. "Ndipo usipa uja ndinaupempha mogwada kwa anthu. Ukanangodya."

Mlandu unalowa m'khoti mu Novembala. Womasulira anali Sharifu, bambo wa ku Mangochi amene anaphunzira Chiarabu ku madrasa ndipo anali atakhala ku Doha zaka zambiri. Mboni yoyamba inali mayi wa ku labu ya boma, dokotala wa sayansi, wovala magalasi ndi chikhoti choyera chokhala ndi dzina lakelake pathumba. Macfussy sanathe kuchotsa maso pa chikhoticho. Mayiyo anauza khoti kuti iye ndi anzake awiri anatha masabata angapo akufufuza zilembo za m'kope muja m'mabuku onse, osapeza mankhwala otchedwa MN3 kapena MZ12. Woweruza anafunsa woimbidwa mlandu kuti afotokoze. Macfussy anaimirira n'kunena kuti MN3 ndi mitu itatu ya nsomba. Sharifu anamasulira. Mayi wa sayansi anavula magalasi n'kutseka maso. Atafika pa US200, Sharifu anavutika kupeza dzina la usipa m'Chiarabu, mpaka anangoonetsa kutalika kwake ndi zala, n'kuonjezera yekha kuti ndi wokoma kwambiri ndi tomato. Woweruza anamuuza kuti azingomasulira.

Kenako woimira boma anaonetsa kanema wa kamera ya m'sitolo ina yoyandikana ndi nyumba ija. M'kanemamo munaoneka Dumisani akulowa chothamanga wopanda nsapato, kutsomphola botolo la perefyumu pashelefu n'kudzipopera mutu, m'khwapa, mumkanjo ndi m'kamwa momwe, mpaka botolo linatha, n'kutenga lachiwiri. Kumbuyo kwa khoti kunali mamembala anayi a Otsala Osadzola amene anali adakali okhulupirika. Mmodzi wa iwo, mayi uja anachotsedwa pampando, anaimirira n'kutuluka, akumveka kutukwana m'Chitumbuka mpaka pakhonde. Dumisani anati ankayesa mphamvu ya mdani kuti aidziwe bwino.

Khoti linali litayamba kumasuka, ndipo ngakhale woweruza ankabisa pakamwa ndi pepala. Pamenepo anaitana mayi Khadija. Anayenda pang'onopang'ono atagwira ndodo, kabotolo kopopera mphumu kali m'dzanja. Anali atagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Anafotokoza kuti atamva anthu akukuwa za poizoni anayesa kutsika masitepe, mpweya n'kumuthera pakati, anthu akumudumpha. Anakhala pansi n'kunena pemphero la munthu amene akufa, akudandaula kuti ana ake ku Sudan adzamva kwa anthu achilendo. Sanakweze mawu. Pomaliza anayang'ana Macfussy n'kunena kuti mnyamatayu ankamunyamulira botolo la gasi mpaka pakhomo pake, ndipo sakumvetsa chimene anamulakwira.

Sharifu anamasulira mawu amenewa motsitsa, osaonjezera kanthu. M'khotimo munalibenso woseka. Itakwana nthawi yake yolankhula, Macfussy anaimirira. Anwari anamugwedezera mutu momulimbikitsa.

"Bwana woweruza, ine sindine kemisti. Ndimawola masamba pa dziwe la hotelo. Ku Balaka ndinkasesa." Anwari anapuma mosangalala n'kuyamba kutseka faelo yake, koma Macfussy anali asanamalize. "Komabe ndinkadziwa chimene tinkafuna. Tinkafuna anthu aganize kuti akufa, ndipo ndinkadziwa kuti m'holomo mudzakhala ana. A Dumisani ankanena za ngamila ine ndili pompo, ndinangokhala chete chifukwa zinkandikomera. Mayi awa sanandilakwire chilichonse."

Anwari anagwira mutu ndi manja awiri. Theka loyamba la mawuwo ndi limene anamuphunzitsa kwa miyezi inayi, theka lachiwiri silinali m'dongosolo. Potuluka sananene kuti mafi mushkila.

Chigamulo chinabwera patapita masabata atatu. Mlandu wa uchigawenga unachotsedwa, woweruza atanena kuti khoti silingatche chigubu cha kabichi chida cha nkhondo. Koma onse awiri anapezeka olakwa pa kukonza chiwembu choopseza anthu ndi kuika miyoyo pangozi. Dumisani anapatsidwa zaka ziwiri, Macfussy chaka chimodzi kuwerengera miyezi imene anali atakhala kale, ndipo onse akamaliza abwezedwe kwawo. Dumisani analengeza pomwepo kuti zonsezi anazilota kale, kungoti anaiwala kunena.

M'ndende Macfussy anamuika kochapa zovala. Anapempha Sharifu kuti amulembere kalata yopepesa ya Chiarabu kwa mayi Khadija, ndipo Esnart anakaipereka yekha. Mayiyo anailandira, anamupatsa Esnart tiyi, koma sanayankhe. Patapita miyezi iwiri anabwerera ku Sudan kwa ana ake. Lifiti ija anaitsuka kasanu, kenako mwini nyumba anangoikhomera ndi matabwa, moti anthu a m'nyumbamo mpaka pano amakwera masitepe ndipo akamafika pansanjika yachinayi amatchula dziko la Malawi m'zilankhulo zosiyanasiyana.

Macfussy anatsika ndege ku Lilongwe mu Julayi 2024 ndi kachikwama kamodzi. Mayi ake anamulandira ku Balaka ndi nthungululu n'kufunsa satifiketi ya kozi ija. Anawakhazika pansi n'kuwauza zoona. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati Esnart anali atawauza kale zonse mwezi woyamba womwewo, ankangofuna aone ngati mwana wawo angayambe ndi bodza.

Masiku ano amapalasa njinga ya kabaza pakati pa depoti ya mabasi ndi chipatala. Ndi kumeneko kumene anadziwana ndi Olipa, mayi wogulitsa mandasi ndi tiyi pageti, wamasiye wa mwana mmodzi, amene ankakwera njinga yake m'mawa uliwonse ndi beseni lake pamiyendo. Mwezi watha Macfussy anaganiza zomufunsira. Anaimitsa njinga pansi pa mtengo wa mthethe n'kumuuza kuti asanayankhe ayambe wamva mbiri yake yonse, kuopa kuti angadzaimve kwa ena. Anafotokoza kwa ola lathunthu, mandasi akuzizira. Olipa anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi, misozi ili mbwembwembwe, ndipo pofika pa mayi Khadija anasiya kuseka. Atamaliza, anadzisasa fumbi, kunyamula beseni lake n'kunena kuti amupatse masabata awiri aganize. Anakweranso njingayo, chifukwa makasitomala anali akudikira pageti.